Timababu Tiwiri Totsala M'kachitini ka Amalume

Amalume anga, achimwene awo a amayi, ndi makaniko, ngakhale masiku ano maso sawalolanso kugwira tizitsulo ting'onoting'ono. Ndinene poyamba kuti ine za injini sindinaphunzire. Ntchito yanga ndi yoyeza magazi mu labotale, ndipo zonse zokhudza galimoto zimene zili muno ndinachita kufunsa, zina kawiri, zina katatu mpaka anandikalipira. Ngati pena palakwika, wolakwitsa ndine.

Mumsewu wathu ambiri sadziwa dzina lawo lenileni. Amangoti a Kababu. Dzinali linabwera chifukwa cha kachitini ka polishi wa nsapato kamene anayenda nako m'thumba la pachifuwa la ovololo kwa zaka khumi ndi ziwiri. M'katimo munali timababu ta padashibodi, tating'ono ngati njere za nyemba. Akamayenda tinkalira kuti tseketseke, ndipo kwathu tinkadziwa kuti amalume afika asanagogode n'komwe.

Galaja yawo ndi chipinda chimodzi chamalata kumbuyo kwa shopu ya matayala. Muli dzenje lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto, benchi yodera ndi oilo, ndi zenera limodzi lokhala ndi kashelefu. Kale, ine ndili mwana, kachitini kaja kankakhala pa kashelefu kameneka. Sikankayenda.

Nthawi imeneyo amalume ankadziwika ndi kutchuna tigalimoto ting'onoting'ono, tija ta injini yochepa timene anthu ambiri amayendetsa ngati takisi. Njira imene matakisi a kwathu amadutsa ili ndi chitunda chachitali, ndipo kagalimoto kotere kakanyamula anthu anayi ndi katundu kamakwera mopumira m'mwamba. Amalume ankakaika tabo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kusintha ekizozi, n'kugwiragwira kompyuta yake. Kakatuluka m'galaja kankakwera chitunda chija ngati kakuthawa moto. Madalaivala ankawakonda kwambiri.

Koma panali vuto limodzi laling'ono. Galimoto ikatchunidwa, kanyali kachikasu ka padashibodi, kochenjeza za injini, kamayaka osazimanso, chifukwa kompyuta imaona kuti zinthu m'katimo sizili mmene inazisiyira. Eni ake ankadandaula kuti okwera akuchita mantha. Choncho amalume ankalowetsa dzanja kuseri kwa dashibodi, mosaona, n'kuzula kababu ka nyaliyo. Pabowo potsalapo ankatsekapo ndi kachidutswa ka chubu kodula mozungulira, kuti kuwala kwa nyali zina kusadutsirepo. Kababu ankakaponya m'kachitini, n'kulemba kamzere kamodzi ndi msomali pachivundikiro. Galimoto imodzi, kababu kamodzi, kamzere kamodzi.

Pafupi ndi kachikasu kaja, mpata wa chala chimodzi chokha, pali kababu kena, ka nyali yofiira ya oilo. Kameneka sakhudza. Kakayaka galimoto ikuyenda, ndiye kuti injini yatsala pang'ono kuuma, ndipo munthu ayenera kuima pomwepo.

Bambo anga anali dalaivala wa takisi, ndipo kagalimoto kawo koyera, kamene ankakatcha Dona, kanali kachisanu ndi chinayi kutchunidwa ndi amalume. Awiriwa anali alamu ogwirizana mopitirira. Bambo akapanda okwera ankakhala ku galaja, atatsamira pazenera, akuyamwa siwiti ya chifuwa. Anayamba masiwitiwa atasiya fodya, ndipo anali ndi chizolowezi chomanga kapepala kake kobiriwira kukhala kamfundo. Timfundo timeneti tinkapezeka paliponse: m'thumba la malaya, pansi pa mtsamiro, ngakhale m'sokosi. Amayi ankadandaula nato tsiku lililonse lochapa.

"Alamu, siwiti?" ankatero bambo, akudziwa bwino kuti amalume ali ndi matenda a shuga.

"Mukufuna kundipha kuti mutenge masipanala anga?"

"Ayi, ndikufuna benchi yokha. Masipanala anu ndi otha."

Tsiku limene Dona anatuluka m'galaja ndinalipo, nditabweretsa makiyi a kunyumba amene bambo anaiwala. Ndikukumbukira amalume atagwira chitseko cha dalaivala, osafuna kuchisiya.

"Alamu, mundimvetse. Kofiirako kakangophethira, ngakhale kamodzi, mubwere nayo. Ndidzachotsa tabo, ibwerere mwakale."

"Mudzayambe mwachotsa mwendo wangawu," bambo anayankha, n'kuliza injini mpaka malata ananjenjemera.

Anaiyendetsa zaka zitatu. M'chaka chachinayi, ine ndili ku sekondale, Lachiwiri lina cha m'ma teni koloko m'mawa, bambo ankatsika chitunda chija ali okha. Kapaipi kopititsa oilo ku tabo kanali katang'aluka. Oilo anatayikira mumsewu mtunda wautali, ndipo anthu amene anapitako anati mzere wakuda unkaoneka kuyambira pamwamba penipeni. Injini inauma ili m'giya, matayala akutsogolo anagwira, galimoto inatembenuka cham'mbali n'kukamenya chipilala cha mlatho mbali ya dalaivala. Bambo sanafike kuchipatala.

Pamaliro madalaivala anzawo ankangofunsana funso limodzi, monong'ona koma lomveka: "Kodi nyali sanaione? Mtunda wonse uja, munthu wa maso ake?"

Amayi anakana kugulitsa chotsala cha galimotoyo. Anaikokera kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa thanki ya madzi ndi chingwe choyanikira zovala, n'kuifunditsa lona.

Zimene ndilembe tsopano ndinazidziwa patapita zaka khumi ndi ziwiri, koma ndaona kuti ndi bwino kuziika pamalo pake, kuti wowerenga asavutike mmene ndinavutikira ine.

Atachoka kumanda, amalume anapita ku galaja, natsitsa kachitini, nakhuthulira timababu pabenchi. Timizere pachivundikiro tinali khumi ndi tinayi. Timababu tinali khumi ndi tisanu. Anabwereza kangapo, anasesa pabenchi, anayambiranso. Kamodzi kanali kowonjezera. Ndipo iwo ankadziwa kuti pozula kachikasu mosaona, kawiri kapena katatu anazulapo kofiira molakwitsa, n'kukabwezeretsa. Ankakhulupirira kuti nthawi zonse ankakabwezeretsa. Koma timababu tinali khumi ndi tisanu.

Ndiye kuti mwa magalimoto khumi ndi anayi aja, ina inkayenda yopanda nyali ya oilo. Ikanakhala ya munthu wina, panali moyo woti aupulumutse. Ikanakhala Dona, ndiye kuti mlamu wawo anamupha ndi iwo, ndi zala zawo ziwiri.

Dona anali pamtunda wa mphindi khumi kuchokera ku galaja, pansi pa lona. Kumasula sikulu zinayi zokha za padashibodi kukanawapatsa yankho tsiku lomwelo. Sanapite. Anaika kachitini m'thumba n'kuyamba kufunafuna magalimoto khumi ndi atatu enawo.

Kuyambira pamenepo sanatchunenso galimoto. Ankangokonza mabuleki, makilatchi ndi zina zotero, ndipo anyamata obwera kudzafuna tabo ankawabweza pakhomo. Loweruka masana ankatseka galaja n'kumazungulira m'malo oimikapo matakisi. Oyambirira sanavute, chifukwa eni ake anali omwewo. Koma tigalimoto totere sitikhalitsa m'manja amodzi. Kakayamba kudya oilo mwini wake amakatsuka bwinobwino n'kukagulitsa, wogulayo n'kukagulitsanso, kena n'kusintha mtundu, kena n'kupita kutali. Amalume ankatizindikira ndi kawotcheredwe kawo pa ekizozi, ndiponso ndi kulira kwake.

Galimoto yoyenda sinkafuna kumasula chilichonse. Munthu akatembenuza kiyi osaliza injini, nyali zonse zimayaka kwa kanthawi, ndipo yofiira ikakhalapo imaoneka. Dalaivala wina wandevu, amene mpaka lero amaseka akaikumbukira nkhaniyi, anandifotokozera mmene anakumanirana nawo.

"Bwana, tatembenuzani kiyi, koma musalize."

"Ndinu apolisi?"

"Makaniko."

"Makaniko woyenda wapansi? Yanu galimoto ili kuti?"

"Ili kwa makaniko."

Wandevuyo anaseka, natembenuza kiyi. Kofiira kanayaka. Iye ankayembekezera kuti mkuluyu asangalala, koma akuti anangoyang'ana nyaliyo ngati munthu amene wauzidwa uthenga wa maliro. Kenako anatsegula kachitini.

"Ndili ndi kababu kanu. Ndikabwezeretse."

"Kababu kanji?"

"Ka nyali ya injini. Ndinakachotsa ndine zaka zapitazo."

"Ndiye kakabwerera kazichita chiyani?"

"Kaziyaka."

"Kuyaka basi? Osazima?"

"Osazima, mpaka mutachotsa tabo."

"Madala, mwadya koma lero?"

Anakangana mpaka okwera anayamba kuwomba m'manja, koma kababu kanabwerera. Amalume sankachoka pagalimoto asanabwezeretse kababu kake, ndipo sankalandira kanthu. Apa m'pamene dzina la a Kababu linamera. Ena ankati imfa ya mlamu wawo inawasokoneza mutu. Ena ankati analowa mpingo woletsa kusunga zinthu za eni. Ife kunyumba tinkangoona kuti chaka ndi chaka kachitini kakulira mochepa.

Ndinawafunsa kuti magalimoto aja anawapeza ali bwanji, chifukwa ndinkafuna kulemba zoona zokhazokha. Anandiuza mosazengereza, ngati akutchula ana awo. Anayi anali atapsa gasiketi ya injini asanathe zaka zisanu, ina kawiri. Ina pisitoni inaboola injini n'kutulukira pambali. Ziwiri zinagwa m'manja mwa anthu ofatsa amene anachotsa tabo, ndipo zimenezo zikuyendabe, mwaulesi koma zikuyenda. Ina anaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale itasanjikidwa pamwamba pa inzake, moti anachita kubwereka makwerero. Ina inali kuseri kwa nyumba ya munthu, yopanda matayala, nkhuku zikuikiramo mazira pampando wakumbuyo. Ngakhale imeneyo anaimasula dashibodi, napeza kofiira kali m'malo mwake, nabwezeretsa kachikasu, nkhuku zikuwayang'ana.

"Panalibe ndi imodzi yomwe imene inakalamba bwino ili ndi tabo yanga," anatero. "Iwe Mafunso, injini imabadwa ndi masiku ake. Ine ndinkati ndikuiwonjezera mphamvu. Sindinkawonjezera kanthu. Ndinkangotenga masiku ake akutsogolo n'kuwawotcha lero."

Mafunso ndi dzina limene amandiitana nalo kuyambira ndili wamng'ono. Chifukwa chake n'chodziwikiratu.

M'zaka zonsezi amalume sanatisiye. Ndiwo ankabwera kusukulu aphunzitsi akaitana kholo. Ndiwo anakonza denga litadontha, ndiwonso anakhala pampando wa bambo tsiku limene ndinamaliza maphunziro a za labotale, atavala jekete yobwereka, kachitini kali m'thumba lam'kati. Koma kwathu ankakhala kunsonga ya mpando, ndipo sankadutsa kuseri kwa nyumba. Thanki ya madzi itawonongeka anatumiza makaniko mnzawo. Ine ndinkaganiza kuti ndi chisoni chabe.

Maso awo atayamba kuchita nkhungu, ndinayamba kuwayendetsa pa galimoto yanga Loweruka likafika. Sindinkadziwa chimene tikufuna kwenikweni. Ndinkangoti ndikuthandiza nkhalamba pa chizolowezi chake. Ya khumi ndi chitatu inatitengera miyezi isanu ndi iwiri. Tinaipeza kwa mayi wina wosoka madiresi a ukwati, mwini wake wachisanu ndi chimodzi, itapakidwa utoto wofiirira, mpando wakumbuyo utadzaza nsalu zoyera. Amalume anagwada n'kupapasa ekizozi ndi dzanja.

"Ndi yanga iyi."

"Agogo, ndi yanga," anatero mayiyo, mapini ali pakamwa. "Mapepala ndili nawo."

Nditamufotokozera, anabweretsa kiyi. Amalume analowetsa mutu pazenera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda chiwongolero.

"Mafunso, ine sindikuona bwino. Kofiira kooneka ngati ketulo. Kalipo?"

"Kalipo, amalume. Kayaka."

"Uyang'anitsitse."

"Kayaka kuti psuu."

"Ndiye zili bwino, eti?" anafunsa mayi uja. "Mwandiopsa, ine mawa ndili ndi ukwati wa anthu."

"Zili bwino, mayi," anatero amalume. Anabwezeretsa kachikasu. Atamaliza anakakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafumbi, munthu amene sakhala pansi ngakhale pamaliro.

Tili m'galimoto sanalole kuti ndilize injini. Anatulutsa kachitini n'kukagwedeza pafupi ndi khutu langa.

"Ukumva tingati?"

"Tiwiri."

"Galimoto yatsala imodzi."

Anandiuza zonse pamenepo, dzuwa likutiwotcha kudzera pagalasi, osandiyang'ana. Anati galimoto iliyonse imene ankaipeza ankapemphera kuti nyali isayake. Anati ankadziwa kuti ndi pemphero loipa, kufunira mwana wa munthu galimoto yopanda chenjezo, koma ankapempherabe, kakhumi ndi katatu, ndipo sanayankhidwe.

Ndinawatula ku galaja, osatsika kukawatsegulira chitseko monga ndinkachitira. Sabata imeneyo ndinalakwitsa kulemba nambala pa botolo la magazi, chinthu chimene sindinachitepo, ndipo mwamwayi mnzanga anaona. Ndinkati ndikatseka maso ndikuona zala ziwiri zakuda ndi oilo zikupapasa kuseri kwa dashibodi, zala zomwe zija zimene zinandigwira paphewa pojambulitsa chithunzi cha tsiku lomaliza sukulu. Ndinaganizapo zongowauza kuti tisiye, lona likhale mmene lilili. Koma ntchito yanga yandiphunzitsa kuti chimene chili m'magazi chilimo, kaya wayeza kaya sunayeze.

Lachisanu ndinawauza amayi. Anali akusita. Anamvetsera mpaka kumapeto, naimika ayironi.

"Zaka zonsezi, n'chifukwa chake amadya kwanga kuno ngati mlendo wa kutchalitchi?"

"Ndi chomwecho, amayi."

"Ukawauze abwere mawa m'mawa. Abwere ndi zomasulira zawo."

Anafika cha m'ma eyiti, atavala ovololo yochapa. Amayi anawalonjera monga mwa masiku onse, nawatsogolera kuseri. Lona linali litauma ngati chikopa, ndipo titalikoka linang'ambika pakati. Dona sanalinso woyera. Mbali ya dalaivala inali yopindikira m'kati mmene chipilala chinaisiyira, choncho tinalowera chitseko chinacho. M'katimo munkanunkha makoswe ndi siponji yowola. Pagalasi panali pakulendewerabe kansapato ka mwana, kanga, kamene bambo anakapachika ndisanayambe sukulu.

Amalume anagona cham'mbali pampando, namasula sikulu zinayi mosaona, iliyonse n'kuiika m'dzanja langa. Anasolola bokosi la mawotchi ndi nyali, nalitulutsa panja, naliika chafufumimba pamwamba pa thanki. Kuseri kwake kunali timabowo m'mizere, tambiri tili ndi timababu take. Anayendetsa chala.

"Apa ndi pa kachikasu. Chubu changa ichi, ndinadula ndine." Chala chinasuntha pang'ono kufika pamalo a kofiira, n'kuima. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Achimwene, nenani," anatero amayi.

"Palibe."

Kutali wina ankamenya chitsulo. Amalume anavula chipewa, nayamba kugwada pamaso pa amayi, mawondo akulira.

"Achemwali, ine..."

"Taimani kaye, amalume," ndinatero. Sindikudziwa ngati ndinalankhula mwaulemu. Ndinali nditaweramira pabowo lija, ndipo maso anga ndi ozolowera kuyang'ana tinthu tating'ono. "Pabowopa pali chinthu."

"Ndi chubu. Ndimatseka ndi chubu."

"Si chubu. Chubu ndi chakuda."

Ndinatenga kapulayazi kosongoka m'thumba lawo la zida n'kukoka pang'onopang'ono, kuopa kung'amba. Chinatuluka chinthu chofota, chodera ndi fumbi. Ndinachiika pachikhatho n'kuchiuzira. Kanali kapepala kobiriwira, komangidwa kamfundo.

Amayi anakatenga. Anakatembenuza, nakayandikitsa kumaso, kenako anatulutsa mawu amene sindingathe kunena ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero. "Chitsiru changa cha mwamuna."

"N'chiyani?" anafunsa amalume, akadali chogwada. "Mafunso, ndiuze, ine sindikuona."

Amayi anawaika kamfundoko m'dzanja. Zala zawo zinakazindikira msanga kuposa mmene maso akanachitira.

"Miyezi ingapo ngozi isanachitike," anatero amayi, "ankadandaula kuti pali kanyali kamene kakumutsinzinira akaima pamaloboti. Ankati, Dona wayamba kunditsinzinira ngati mkazi wa kubala. Ine ndinati kawauzeni achimwene. Iye anati, ndikawauza andichotsera tabo, ndiye ndizikwera chitunda ngati ngolo, anzanga akundiseka. Tsiku lina anabwera akuimba mluzu, ndinamufunsa za mkazi wake wa kubala uja. Anati, ndamugoneka. Ine ndinaseka, achimwene. Ndinaseka n'kumupatsa madzi osamba."

Zotsalazo tinazilumikiza tokha. Bambo ankakhala pazenera la galaja tsiku ndi tsiku, kachitini kali pafupi ndi chigongono chawo. Kababu kachilendo sikakanabisika pena paliponse kuposa pakati pa tinzake.

Ndinkayembekezera kuti amalume apuma mpweya wa zaka khumi ndi ziwiri. Ndinawagwira mkono kuti adzuke. Anadzuka, koma nkhope yawo sinasinthe.

"Si inu, amalume. Mwamva? Si dzanja lanu."

"Dzanja si langa," anatero. "Koma anaonera kuti? Munthu uja sankadziwa ngakhale kusintha pulagi. Ndani anamuonetsa kuti nyali ikakusowetsa mtendere umalowetsa dzanja n'kuizula? Mpaka kutseka pabowo, Mafunso. Anatseka pabowo ngati mmene ndimachitira ine."

Amayi ndiwo anawayankha.

"Inu munazula kachikasu. Iye anazula kofiira. Ine ndinamva n'kuseka. Ngati mukufuna kugwada, tigwade tonse, koma ine mawondo anga ndi otha kuposa anu. Mwamuna ndinataya kale. Sindikufuna kupitiriza kukhala ndi mchimwene wa kunsonga ya mpando. Malizani ntchito yanu, mulowe m'nyumba."

Amalume anatsegula kachitini. Anachotsa kachidutswa ka chubu, nabwezeretsa kachikasu, kenako kofiira. Mawaya a m'galimoto anali atadyedwa ndi makoswe, choncho anandituma kuti ndimasule batire ya galimoto yanga. Analumikiza timawaya tiwiri kuseri kwa bokosi lija, nalitembenuza kuti litiyang'ane.

Kofiira kanayaka. Padzuwa la m'mawa kankaoneka kofooka, kaketulo kakang'ono kodontha kadontho kamodzi. Tinaima atatu kukayang'ana, kakutichenjeza za oilo amene anatayika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.

"Taona," anatero amayi, ndipo sindikudziwa ngati ankauza ife. "Zimitsani, achimwene."

Tsiku limenelo amalume anadya kwathu atatsamira kumbuyo kwa mpando. Ndinaona ndi maso anga, ndipo amayi anaonanso. Mwezi wotsatira amayi anaitana ogula zitsulo zakale, ndipo pamene panali Dona pano pamera udzu. Kansapato ndinatenga ine. Kamfundo kobiriwira kali kwa amayi, sindinafunse kuti anakaika pati. Bokosi la nyali lili pa kashelefu ka pazenera ku galaja, pamene kachitini kankakhala kale.

Kachitiniko amayenda nakobe, kopanda kanthu. Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anati thumba linazolowera. Nditafunsanso kachiwiri, monga mwa khalidwe langa, anati nthawi zina akamatsika masitepe a kwa dokotala wa maso amakamva kakulira, kababu kamodzi kokha, ndipo amaima n'kutsegula kuti atsimikize.

Sindinawauze, koma sabata yatha, masana, ndikudutsa m'khonde la labotale ndi thireyi ya mabotolo, ndinamva tseketseke kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka kuti ndiwalonjere. M'khondemo munalibe munthu. Ndikudziwa kuti anali mabotolo. Ndinabwerera n'kudutsanso pomwepo ndi thireyi yomweyo, kawiri, ndipo sanalirenso.